Rozina ndi Kompyuta ya a Leonard

Rozina Likoswe anafika ku Glasgow m'chaka cha 2008 ali ndi zaka makumi anayi, asanakhudzepo kompyuta chibadwire. Kwawo ku Luchenza anali telala wa pakhonde la sitolo, ndipo makina okhawo amene ankawadziwa m'kati ndi kunja anali ake osokera, opalasa ndi phazi. Amenewo ankatha kuwamasula, kuwathira mafuta, n'kuwamanganso ola lisanathe. Koma chilichonse cholowa kumagetsi ankachiopa ngati njoka. Babu ikapsa m'nyumba imene ankachita lendi ku Dennistoun, ankadikira Lamlungu kuti wina wa kutchalitchi adzamusinthire.

Ntchito anaipeza panyumba ina yosamalira okalamba, pafupi moti ankangoyenda pansi. Kusambitsa, kuveka, kudyetsa, kutembenuza odwala pabedi, zaka khumi ndi zinayi zinatha choncho. Kenaka m'chipinda chakumapeto kwa khonde munalowa mkulu wina wa komweko ku Scotland, a Leonard, wa zaka makumi asanu ndi atatu ndi zinayi.

A Leonard anagwira ntchito zaka makumi atatu pafakitale ina yopanga makompyuta kumunsi kwa mtsinje wa Clyde, mpaka fakitaleyo inatsekedwa. Pamene ankabwera kunyumba ya okalambayo n'kuti maso atafa onse awiri, manja akunjenjemera moti tiyi ankamwera m'kapu yovundikira. Katundu anabwera naye wochepa, koma anakana kwamtuwagalu kusiya kompyuta yawo yapatebulo, chibokosi chakuda chimene anachimanga okha maso akadali bwino. Kompyutayo inkawawerengera mokweza zonse zolembedwa. M'mawa uliwonse, Rozina akamawaveka masokosi, mawu a mkazi ankatuluka m'sipika kufotokoza za mafoni atsopano ndi zida za makompyuta zimene zatuluka sabata imeneyo, ndipo a Leonard ankatsutsana nawo mawuwo ngati munthu.

"Bodza limenelo! Chaka chatha ananenanso zomwezo," ankatero akumenya mkono wa mpando.

A Leonard ankamutchula Rozina kuti "hen". Masiku oyamba iye ankakwiya nazo mumtima, kuti kodi bambo amenewa akundiyesa nkhuku chifukwa chiyani, mpaka mnzake wa kuntchito anamuuza kuti ndi mmene anthu a ku Glasgow amaitanira mkazi amene amugomera mtima.

Tsiku lina la Lachiwiri m'mawa analowa m'chipindamo n'kupeza muli zii. A Leonard anali atakhala pampando atagwira mutu.

"Dinani batani lija, hen, ndipo mumvetsere," anatero.

Rozina anadina ndi nsonga ya chala, atatalikira. Feni inazungulira, sikirini inakhalabe yakuda, ndipo m'bokosimo munamveka kulira katatu kwakufupikufupi. Panadutsa kanthawi, n'kuliranso katatu.

"Mwamva? Ikutiuza pamene pakupweteka," anatero a Leonard. "Katatu ndi memore, chida chimene kompyuta imakumbukirira zinthu. Aofesi akuti ndiitaye andigulire tabuleti. Ine tabuleti ndiione ndi chiyani? Maso ndilibe, manja ndi awa. Inu muli nazo zonse ziwiri. Ndibwerekeni."

"Ine, bambo? Ndingafe ndi magetsi. Ngakhale babu sindisintha."

"Tizula kaye waya kukhoma. Palibe chimene chingakulumeni."

Rozina anakana masiku awiri. Chimene chinamugonjetsa ndi kuona mkuluyo atasiya kudya, akungokhala chete kuyang'ana khoma limene sankaliona n'komwe. Lachisanu, ataweruka masana, sanapite kunyumba. Anavula yunifolomu, nabwerera kuchipinda chija ngati mlendo, atapempha kaye chilolezo kwa mkulu wa panyumbapo.

A Leonard anamuuza kuti azule waya, kenaka agwire chitsulo cha hita yotenthetsa chipinda pakhoma kuti magetsi a m'thupi mwake achoke, chifukwa angathe kupha zida zam'kati. Izi zokha zinamudabwitsa Rozina, kuti iye amene ankaopa kuphedwa ndi makinawo ndiye akanatha kuwapha ndi chala. Anamasula masikuluwu awiri kumbuyo, nakoka chitseko cha m'mbali.

Anasuzumira m'katimo. Ankayembekezera kuona mawaya osokonekera ngati a kuseri kwa wailesi. Koma zimene anaona zinali ngati mzinda ukamauonera m'ndege: misewu yopyapyala kuposa ulusi yoyenda mondondozana osakhudzana, tinyumba takuda tandandalika m'mizere, nsanja zasiliva, zonse pabolodi limodzi losaposa mbale ya tileyi. Monga telala, ankadziwa kuti mzere wowongoka umavuta bwanji. Apa panali mizere mazanamazana, ndipo panalibe ndi umodzi womwe wokhota.

"Anasoka izi ndani?" anafunsa motsitsa mawu.

A Leonard anaseka mpaka kutsokomola. "Anthu ngati ife tomwe, hen. Tsopano yang'anani kumanja kwa feni yaikuluyo. Muona timatabwa tiwiri titaima, totalika ngati chipeso."

Imeneyo inali memore ija. Rozina anakankha tizotsekera ta kumapeto monga anauzidwira, timatabwato tinadumpha tokha. M'mphepete mwake munali timano tagolide, tina titada. A Leonard anamupatsa labala ya pensulo kuti apukutire pang'onopang'ono, ndipo iye anapukuta, nauzira fumbi m'mipata, n'kubwezeretsa.

"Kankhani mwamphamvu mpaka mumve kuti kha."

"Ndithyola, bambo."

"Simuthyola. Kankhani."

Kunamveka kha, kenaka khanso. Atalumikiza waya n'kudina batani, bokosilo linalira kamodzi kokha, sikirini inawala, ndipo mawu a mkazi aja anapereka moni ngati palibe chimene chinachitika. Rozina anadziyang'ana m'manja. Zala zinali zakuda ndi fumbi. Pobwerera kunyumba anadutsa nyumba yake osazindikira, n'kukatulukira kusiteshoni ya sitima.

Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse masana inali sukulu. A Leonard ankaphunzitsa ndi makutu. Ankamuuza kuti atseke maso amve kusiyana kwa feni yabwino ndi feni imene yatha, kugogoda kwa diski yakale imene ili pafupi kufa, fungo la chida chimene chapsa. Rozina anachotsa diski yozungulira n'kuikamo ina yopanda chozungulira chilichonse, yopyapyala ngati bisiketi, ndipo kompyuta imene inkatenga nthawi yowiritsira madzi kuti idzuke inayamba kudzuka munthu asanakhale pansi. Rozina ankalemba zonse m'kope la ana asukulu, m'Chichewa, ndi zojambula zake.

Ntchito yaikulu inabwera patatha miyezi isanu ndi itatu. A Leonard anamva pankhani zawo zija za pulogalamu yatsopano yotha kufotokozera munthu wosaona zimene zili pachithunzi. Iwo anali ndi zithunzi zambiri za malemu akazi awo m'kompyutamo, ndipo panali patatha zaka zisanu asanazione. Koma pulogalamuyo inkafuna purosesa yamphamvu kuposa imene inalimo. Purosesa ndiye ubongo wa kompyuta. Anaitanitsa yatsopano, ndipo itabwera anauza Rozina kuti aitulutse m'kabokosi kake.

Inali kanthu kakang'ono, kokwana pakati pa chikhato, kolemera ngati ndalama zachitsulo zingapo. Pamwamba panali chitsulo chosalala, kunsi kuli timapini tagolide tothithikana ngati ubweya.

"Timapinito tilipo toposa chikwi chimodzi ndi mazana atatu," anatero a Leonard. "Ndipo pansi pa chitsulocho pali timaswitchi toposa mabiliyoni anayi. Mutati mugawire anthu kamodzikamodzi, theka la anthu a padziko lonse lingalandire. Tonseto timayaka ndi kuzima kambirimbiri inu musanaphethire."

Rozina anakatembenuza kuti aone bwino pawindo. Mtima unali kutali, ukuyesa kuwerenga chiwerengero chimene sichinkalowa m'mutu. Sanadziwe kuti kapulumuka bwanji. Anangomva kagwa pansi, n'kugunda mwendo wa tebulo.

"Chagwa n'chiyani?" anafunsa a Leonard.

Rozina anakatola, nayang'ana kunsi. Pakona imodzi timapini tinayi tinali titagona ngati udzu woponderezedwa.

"Bambo, ndalakwa. Tapindika tinayi."

Mkuluyo anapuma mozama. "Kufakitale, yotere tinkangoitaya. Ndinayesapo kuwongola kawiri pamoyo wanga, konse ndinathyola. Musadandaule, hen. Zimachitika."

Kufatsa kwawo ndi kumene kunamupweteka kwambiri. Akanamukalipira bwenzi zili bwino. Anakhala pansi akuyang'ana timapini tija, ndipo pang'onopang'ono mantha anayamba kuchoka, m'malo mwake munabwera maso aja a telala amene amaona ulusi umodzi wolakwika pansalu yonse. Anatsegula chikwama chake, natulutsa singano imene ankayenda nayo yosokera mabatani a okalamba. Anapempha galasi lokuzira zinthu limene a Leonard ankawerengera maso asanatheretu, nakokera tebulo pawindo.

"Mukutani?"

"Ndipatseni nthawi, bambo. Musandiyankhulitse."

Analowetsa nsonga ya singano pansi pa kapini koyamba, nakadzutsa pang'ono kwambiri, n'kusiya. Anapuma. Anakadzutsanso pang'ono. Ankadziwa kuchokera ku mapini a nsalu kuti chitsulo chopyapyala ukachipinda kawiri chimaduka, choncho kapini kalikonse kanayenera kuyenda ulendo umodzi wokha, osapitirira. Akatha kamodzi ankaika purosesayo molingana ndi diso, kuyang'ana m'mzere ngati akuona mpendero wa siketi. Kunja mvula inagwa n'kukata. Belu la tiyi linalira, onse awiri osalimva. Kapini kachinayi kanamutengera theka la ola kokha.

Atatha, anaiika pamalo pake pabolodi. A Leonard anali atamuuza kale kuti purosesa sakankha, ikakhala bwino imalowa yokha. Anaisiya, ndipo inatsika yokha mwakachetechete n'kukhala. Anatseka kachitsulo kogwirira, napaka mafuta oziziritsa kadontho ngati nsawawa, namanga feni pamwamba. Podina batani anatseka maso.

Kompyutayo inalira kamodzi.

A Leonard anatambasula dzanja m'malere mpaka anapeza la Rozina, naligwira ndi manja awo onse awiri, akusisita zala zake chimodzichimodzi ngati akufuna adziwe kuti zinapangidwa bwanji.

Sabata yotsatira pulogalamu ija inalowa. Rozina anatsegula chithunzi choyamba, ndipo mawu aja anati pachithunzipo pali mayi wovala chikhoto chobiriwira, waima pamchenga, mphepo yamuulutsira tsitsi kumaso, akuseka. A Leonard anati, "Chikhoto chija! Ndinali nditaiwala kuti chinali chobiriwira." Anamvetsera zithunzi makumi atatu tsiku limenelo, ndipo Rozina anaima pambali akudzifunsa kuti kachitsulo kamene anakawongola ndi singano kakudziwa bwanji kuti munthu akuseka. Mpaka lero sanapeze yankho lomukhutiritsa.

A Leonard anamwalira chaka chotsatira, m'nyengo yozizira. Mwana wawo anabweretsera Rozina chikwama cha zida, nati bambo anasiya mawu oti chipite kwa iye.

Mbiri inali itayamba kale kuyenda pakati pa Amalawi. Towera, nesi amene amaimba naye kwaya, ndiye anayamba kumubweretsera kompyuta imene inkazima yokha, ndipo Rozina anapeza kuti yangotsamwa ndi fumbi. Towera sasunga nkhani, moti pasanathe miyezi itatu abusa anamupatsa Rozina tebulo m'holo ya tchalitchi ku Partick, Loweruka lililonse m'mawa. Chaka cha 2025, nkhani itamveka yoti pulogalamu yoyendetsa makompyuta ya Windows 10 isiya kusamalidwa, anthu ambiri anaganiza kuti makompyuta awo atha ntchito. Rozina ankawauza kuti asataye. Ena ankawaonjezera memore, ena kuwaikira pulogalamu ina yaulere, ndipo amene eni ake sankawafunanso ankawakonza n'kupatsa mabanja ongofika kumene.

Loweruka lina kunabwera a dokotala Madalitso Chirombo, katswiri wa maopaleshoni, atanyamula chibokosi chachikulu cha magalasi m'mbali. Anayang'ana uku ndi uku, naona mayi wa duku atakhala patebulo akumwa tiyi.

"Muli bwanji, mayi? Ndimafuna amisiri a makompyuta aja. Sanafike?"

"Ndili bwino, kaya inu adokotala? Ikani pompano, afika," anayankha Rozina.

Adokotala anafotokoza kuti anaimanga okha potsatira mavidiyo, koma ikayaka imazima pomwepo. Masabata atatu akulimbana nayo, asintha memore, asintha bokosi la magetsi, osaphula kanthu. Rozina anamvetsera mpaka anamaliza. Sanatsegule n'komwe. Anaimirira, nanyamula chibokosicho ndi manja awiri, nachipendeketsa pang'onopang'ono khutu lili pafupi. M'kati munamveka kanthu kakuti tsekete.

Anamasula bolodi lonse, adokotala atamugwirira tochi, ndipo kuseri kwake anatola kasikuluwu kamodzi kamene kanagwera m'menemo n'kumakhudza pamene sikayenera kukhudza. Anakaika m'chikhato cha adokotala, namanganso zonse. Kompyutayo inayaka, magetsi ake amitundumitundu akuzungulira m'kati, ndipo sinazime.

Adokotala anayang'ana kasikuluwuko, nayang'ana Rozina. "Mayi, pepani kwambiri. Munaphunzira kuti zimenezi?"

"Kuntchito komweko, adokotala," anatero Rozina akupukuta manja. Anayang'ana wotchi ya pakhoma, nayamba kulongedza zida msangamsanga. Shifiti yake inkayamba thuu koloko, ndipo sitima ya ku Dennistoun inali itatsala mphindi khumi ndi ziwiri kuti ifike.