Che Abbas ndi Landilova Yosalowa Madzi

Anthu akamakamba za Che Abbas masiku ano amawonjeza zambiri. Ena amati anayendetsa galimoto panyanja kuchokera ku Chipoka mpaka ku Makanjira. Limenelo ndi bodza. Ine Lawson ndinalipo, chiwongolero chinali m'manja mwanga, ndipo ndilemba zokhazo zimene ndinaona.

Che Abbas anali mmisiri wokhoma maboti a matabwa ku Chipoka. Ntchitoyi anaiphunzira kwa amalume awo. Anali munthu wamfupi, wa mikono yaikulu, wosasiya kofiya kumutu ngakhale dzuwa liswe bwanji. Boti akalikhoma ankalowetsa thonje m'mipata yonse ya matabwa, n'kumata ndi phula, kenako n'kuligoneka m'madzi masiku awiri. Akapezamo dontho ankayambiranso, mwini wake adandaule asadandaule. Mawu awo anali amodzi, ndipo aliyense pa doko ankawadziwa: "Chimene ndakhoma ine sichilowa madzi." Sikunali kudzitama chabe. Asodzi ankavomereza.

Mnzawo wa kalekale anali a Masiye a kwa Maganga, ogula ndi kugulitsa mpunga. A Masiye anayenda ndi njinga yakapalasa zaka khumi ndi zitatu, matumba kumbuyo, kufikira mawondo anayamba kuwavuta. M'chaka cha 1976 anagula Landilova yatsopano ya tenti ku Blantyre, nandilemba ine kuti ndiziyendetsa. Thukuta lawo lonse ndi la akazi awo, mayi Enifa, linali m'galimoto imeneyo. Ikanaonongeka akanabwerera pa njinga, mawondo ali omwewo.

A Masiye anafuna zinthu ziwiri zokha: kaliyala ya pamwamba yonyamulira matumba, ndi mabenchi kumbuyo. Anati tipite nayo kwa Che Abbas poti matabwa amawadziwa. Tinaisiya kumeneko, ndipo inakhalako milungu itatu.

Tsiku lokaitenga tinapeza anthu ataizungulira. Kaliyala inalipo, ya mlombwa, yosalala ngati tebulo. Mabenchi analipo, pansi pake pali timabokosi tosungira masipanala. M'mbali anapachika nkhafi ziwiri, akuti zofukulira mchenga tikatitimira. Pakhomo panali chitini chokapira madzi. Kumbuyo anamangirira nangula wa zitsulo za njanji ndi chingwe chachitali chokulungidwa bwino.

"Nangulayu ndi wa chiyani, Che Abbas?" anafunsa mayi Enifa. "Tizikapha usipa ku Khombedza?"

"Alamu, chinthu choyenda chimafuna choimitsira."

"Mabuleki alipo," ndinatero ine.

"A dalaivala, mabulekiwo ine sindinawaone. Nangula ndikumuona."

Anthu anaseka. Koma nditalowa kumbuyo ndinaona china. Pansi pa Landilova pamakhala mabowo otulutsira madzi. Che Abbas anali atatseka onse asanu ndi limodzi ndi zichiri za mtengo zokulunga thonje, namata ndi phula. Mipata yonse anamata. M'mphepete mwa zitseko anamatamo mphira wa chubu, mwakuti chitseko potseka chinkalira ngati chivindikiro cha ndowa.

"Achimwene," Che Abbas anauza a Masiye, "ku Blantyre anakugulitsani chinthu chobooka. Wallahi, ndinachita manyazi m'malo mwawo. Koma ndakonza."

Ndinawauza kuti mabowo aja anawasiya dala kuti madzi azituluka.

"Madzi otulukawo amakhala atalowera kuti? Asalowe, basi."

A Masiye anangoti zisiyeni, fumbi silizilowa. Pa fumbipo ananena zoona. Ine chimene ndinaumirira ndi chimodzi: tinapita kwa makaniko ku Salima nativekera paipi yaitali yoti injini izipumira m'mwamba, chifukwa njira zathu zinali zowoloka mitsinje.

Kumayambiriro kwa Epulo tinanyamuka m'mawa kukagawa masaka kwa alimi a kutsidya kwa Lifidzi mpunga usanache. Masakawo anali opanda kanthu, ndipo tinawamanga pa kaliyala. Kumbuyo kunali mayi Enifa ndi Che Abbas basi, amene anapempha kuti akaone mmene ntchito yawo ikuyendera. A Masiye anakhala kutsogolo ndi ine.

Kwathu kunali kusanagwe mvula masiku anayi, koma kumapiri a Dedza inagwa. Titafika powolokera pa ngolo tinapeza madzi ofiira, akuthamanga. Ndinatsika, ndinayeza ndi ndodo, ndinaona kuti afika m'chiuno. Madzi otere Landilova ya dizilo yokhala ndi paipi imadutsa. Ndinaika giya yamphamvu n'kulowa pang'onopang'ono.

Tili pakati ndinamva galimoto ikupepuka. Kutsogolo kunali kolemera ndi injini, koma kumbuyo kunanyamuka ngati boti. Matayala a kumbuyo anasiya mchenga, ndipo madzi anayamba kukhotetsa kumbuyoko kuloza kumunsi. Kumunsiko kunali dziwe lakuya, ndipo kuseri kwake mtsinje umapita kunyanja.

"Tikupita! A Lawson, tikupita!" anakuwa a Masiye, akundigwira mkono ngati ine ndiye mtengo.

Che Abbas sanakuwe. Anakweza tenti, ananyamula nangula uja, namuponya kumtunda kwa madzi monga amachitira pa doko. Chingwe chinathamanga, chinakungika, galimoto n'kugwedezeka. Nangula anali atakola m'mizu ya mkuyu. Tinaima chopingasa, injini ikulirabe, matayala a kutsogolo akukanda mchenga osagwira kanthu.

Pamenepo Che Abbas anayang'ana pansi pa mapazi awo, nkhope yawo n'kuwala.

"Taonani, alamu! Gwirani pansipa. Ngakhale dontho!"

"Ndiye tikafike kunyanja tili ouma?" anayankha mayi Enifa. "Ng'ona zikatiyamikire kuti sitinanyowe?"

Ndinatembenuka n'kuwauza zoona zake. Galimoto yayandama chifukwa mulibe madzi. Kuti matayala agwire pansi, madzi ayenera kulowa. Chitseko changa chinali mbali yochokera madzi, chosatheka kukankha, ndipo a Masiye anakana kutsegula chawo poona dziwe lija. Zotsala zinali zichiri zija, ndipo hamala inali m'thumba mwa Che Abbas.

"Ndiboole ine?" anafunsa. "Ndi dzanja langali?"

"Boolani."

"Zaka makumi atatu, a dalaivala. Funsani pa doko. Anthu akamva kuti cha Abbas chinadzaza madzi adzati chiyani?"

Muzu wa mkuyu unalira, galimoto inatsetsereka pang'ono n'kuimanso. A Masiye anatembenuka, nalankhula motsitsa mawu.

"Achimwene, njinga ija ndinapatsa mphwanga. Mawondowa mukuwadziwa."

Che Abbas anawayang'ana. Kenako anavula kofiya, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo, naipereka kwa mayi Enifa kuti aigwire. Anagwada, anati "Bisimilahi," nayamba kumenya. Ntchito yawo inali yolimba kwambiri, mwakuti chichiri choyamba chinafuna kumenyedwa kasanu ndi kawiri. Chitachoka, madzi anatumphuka mpaka kuwamenya kumaso.

"China! Menyani china!" mayi Enifa anali atakwera pa benchi, chitenje atakwinyira m'mawondo. "Lero lokha khalani mmisiri woipa!"

Anachotsa zonse zisanu ndi chimodzi. Madzi anafika m'akakolo, kenako m'mawondo. A Masiye poona kuti anyowa kale anatsegula chitseko chawo, madzi n'kukhuthukiramo. Ndinamva kumbuyo kukutsika, kenako matayala anagunda mchenga. Ndinawauza Che Abbas kuti amasule chingwe, ndinaponda mafuta, ndipo Landilova inakwera tsidya lija ikukha madzi mbali zonse ngati dengu.

Tinatsika tonse. Choyamba aliyense anatulutsa khadi lake la chipani n'kuliyanika pa boneti, chifukwa pobwerera tinayenera kudutsa pamsika, ndipo masiku amenewo wopanda khadi sankaloledwa kudutsa. Masaka pa kaliyala anali ouma onse. A Masiye anazungulira galimoto kawiri akuisisita, kenako anakhala pansi n'kuyamba kuseka mpaka misozi. Mayi Enifa anabweza kofiya.

"Nangula uja ndinamunyoza, Che Abbas. Ndabweza mawu anga. Koma nkhafizi musatiyesetse."

Che Abbas sanaseke msanga. Anatenga chitini chija nayamba kukapa madzi otsalira pansi pa mabenchi, ngakhale anali kutuluka okha pa mabowo. Atatha anati, "Alihamudulilahi, chingwe chinali chabwino." Madzulo madzi ataphwa analowa mumtsinje kukatenga nangula wawo.

Sabata yotsatira anaitanitsanso galimoto. Ndinaopa kuti akamatanso. Anasema zichiri zatsopano zosamata ndi phula, chilichonse ndi kachingwe kake. M'chilimwe tinkatseka kuti fumbi lisalowe mumpunga, ndipo tikafika pamtsinje tinkazula. Nangula anakhala pomwepo. Tikatitimira m'matope a kwa Maganga tinkamukhomera pansi patsogolo, n'kumakoka chingwe ndi anthu a m'mudzi, ndipo anatitulutsa kangapo. Landilova ija inanyamula mpunga wa a Masiye zaka khumi ndi zinayi, ndipo pa njinga sanabwererepo.

Che Abbas anapitiriza kukhoma maboti mpaka maso anafooka. Asodzi ankawaseka za tsiku lija, ena ankabwera ndi njinga zawo kuti awaikire nangula, koma maboti awo sanasiye kuwapatsa iwo. Chimene chinasintha ndi mawu aja. Popeza sankafuna kunama, munthu akabwera kudzafunsa boti ankamuuza kuti: "Chimene ndakhoma ine sichinalowepo madzi, kupatula kamodzi. Ndipo tsiku limenelo ndinawalowetsa ndekha."