Kachitsulo kamene kanasungunuka m'manja mwa amayi

Ndinasiya yunivesite chaka chachiwiri chili pakati, ndipo amayi sindinawauze. Ndinkaphunzira kemisitiri ku Edgbaston, mumzinda wa Birmingham. Mayeso ndinalephera kawiri, kachitatu sindinapiteko n'komwe. Palibe amene anandilakwira, ndinangotopa nazo. M'mawa uliwonse ndinkatulukabe m'nyumba mwathu ku Whitmore Reans chikwama chili kumsana, koma m'malo mwa sitima ya ku Birmingham ndinkakwera basi yopita kumene ndinkagwira ntchito yonyamula makatoni. Amayi ndi namwino. Mashifiti awo ankandithandiza kunama, chifukwa tinkangodutsana pakhomo.

Chimene chinandiulula n'chinthu chopusa. Ndili chaka choyamba, nthawi imene ndinkadzimva katswiri, ndinaona pa intaneti anthu ena akupempha kuti tiwasonkhere ndalama, iwo atipangire tizitsulo teniteni toika patebulo. Tinali tinayi, tokhala ngati madayisi: mkuwa, aluminiyamu, tangisiteni ndi galiyamu. Ntchito yake palibe. Umangotiyang'ana n'kumadziona wanzeru. Ndinasonkha nawo, n'kuiwalako. Zinthu zosonkherana zimachedwa. Kabokosiko kanafika ine nditasiya kale sukulu, ndipo anakalandira ndi amayi.

Ndinawapeza atakatsegula. Mkati munali kakhadi kothokoza, dzina langa litalembedwa ndi zilembo zagolide.

"Izi zachokera ku yunivesite?" anandifunsa.

Mpata wonena zoona unalipo. Ndinati, "Eya."

"Akupatsa chifukwa chiyani?"

"Kukhoza bwino mu labu."

Anakhala pansi yunifomu ili m'thupi, n'kunena motsitsa kuti, "Ambuye, ndinu wabwino." Ine ndinakwera kuchipinda.

Mpingo wathu umasonkhana mu holo yobwereka, Amalawi ndi Azambia ochepa, ndipo theka la azimayi ndi anamwino. Tili ndi mwambo: chabwino chikafika pakhomo, chimayamba chaonekera kutchalitchi. Makiyi a galimoto, satifiketi, kalata ya ntchito. Mwiniwake amapereka umboni, chinthucho n'kuchipempherera. Ndimaudziwa mwambowu kuyambira ndili mwana, koma Lamlungu limenelo ndinaganiza kuti amayi aiwala. Sanaiwale. Anatulutsa tizitsulo tonse m'kabokosi n'kutimanga pampango woyera. Ka galiyamu kanabwera m'kapulasitiki kakekake, ndi kapepala kochenjeza. Amayi anakachotsamo chifukwa pulasitikiyo inkaoneka yotchipa.

Anaimirira kutsogolo n'kufotokoza mmene analelera mwana yekha m'dziko lozizira lino. Ananena za mashifiti owonjezera, za nsapato zimene sanagule. Zonse zinali zoona, kupatula mapeto ake. Kenako tizitsulo tinayamba kuyenda m'manja mwa anthu. Ankolo ena a ku Zambia atanyamula ka tangisiteni anatsala pang'ono kukagwetsa.

"Kanthu kakang'ono chonchi kulemera ngati mlandu? Sisita, mwana wanu sakupanga mabomba?"

"Bwezani bwino, achimwene, musaike m'thumba," anatero amayi, anthu n'kuseka.

Amayi busa anaimirira kuti apemphere. Amayi anga anasankha konyezimira kwambiri, ka galiyamu, n'kukafumbata ndi manja awiri pachifuwa. Ndinaona, ndipo ndinkadziwa chimene chichitike. Galiyamu amasungunuka ndi kutentha kwa thupi la munthu, amangofuna nthawi. Amayi busa akayamba pemphero, nthawi imakhalapo yokwanira. Anapempherera ine, aphunzitsi anga, mayeso anga akubwera, mkazi amene ndidzakwatire. Mahita anali oyatsa. Ndikanatha kupita kukakachotsa. Ndinangokhala, maso ali pansi.

Asanafike pa ameni, anti ena okhala kutsogolo anati, "Sisita, manja anu akudontha."

Madontho asiliva ankatsika pakati pa zala za amayi kugwera pachitenje chawo cha mpingo. Wina anati ndi mekyule ya mu themometa. Anamwino aja anadzuka onse ngati ali kuwodi: uyu akutulutsa ana, uyu akutsegula mawindo, uyu akufunsa magolovesi. Amayi anangoima manja ali m'mwamba, akundiyang'ana.

Ndinaimirira. Ndinawauza kuti si mekyule, si poizoni, akazizira aumanso. Ndinafotokoza chifukwa chake, ndipo ndinafotokoza bwino, kuposa mmene ndinalembera mayeso alionse. Anthu anaomba m'manja. Ankolo aja anati, "Pulofesa wathu uyu." Sindinayambe ndadzidapo ngati nthawi imeneyo.

Ndinapita nawo amayi kukhitchini ya holoyo. Galiyamu amasiya khungu lotuwa ngati phulusa. Ndinawagwira manja pasinki n'kuyamba kuwapaka sopo. Manja ouma, osweka ndi mankhwala osambira m'manja a kuchipatala. Iwo ankaseka, akuti ndikanawachenjeza.

"Mami, si mphoto. Ndinagula ndekha pa intaneti."

Kuseka kunatha.

"Ndipo sukulu ndinasiya. Kalekale."

Madzi ankangotuluka pampopi. Sanachotse manja awo m'manja mwanga, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mbama.

"Ndiye m'mawa umapita kuti?"

"Kunyamula makatoni."

"Umadya chiyani kumeneko?"

Ndinkayembekezera kukalipiridwa, ndipo mawu obwezera ndinali nawo okonzeka. Funso limenelo sindinalikonzekere.

Anapukuta manja n'kunena kuti, "Ndanama pamaso pa mpingo. Sabata yamawa ndikakonza."

"Wanama ndine."

"Pakamwa panali panga."

Lamlungu lotsatira anaimiriradi, n'kunena mwachidule kuti umboni uja unali wolakwika. Dzina langa sanalitchule, ngati kuti ali ndi mwana wina. Ine ndinali pampando wakumbuyo, ndipo sindinaimirire kuti ndiwathandize.

Galiyamu amene tinatola pansi amayi anamuthira m'kabotolo. Ali mufiriji, kumbuyo kwa majarini, wouma mopindika. Sanandiuze chifukwa chimene amamusungira, ndipo ine sindifunsa. Ndimamuona m'mawa uliwonse ndikamatenga chakudya chimene andilongedzera chopita nacho kumakatoni.