Mizere ya Phulusa Pakhomo Pathu

Kope limene ndinkalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku ndikadali nalo. Lili pansi pa zovala m'bokosi langa, kuno kusukulu yogonera komweko. Pa tsamba lina pali mawu atatu okha: "Lero kunali mphepo." Mawuwo ndi abodza, ndipo ndinawalemba ndine, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Atate anali mmisiri womanga nyumba. Anachoka ku Nyasalande ali mnyamata kudzafuna ntchito m'dziko lino, ndipo nyumba zambiri za m'dera la Matero mumzinda zinadutsa m'manja mwawo. Dzanja lawo lamanja litayamba kunjenjemera, kapitawo anaganiza kuti ayamba mowa. Ntchito inatha. Popeza nyumba ya kansolo inali ya munthu wapantchito, ifenso tinatulukamo n'kusamukira ku komboni ya Kalingalinga. Kumeneko atate anaumba njerwa zosawotcha n'kumanga zipinda ziwiri, pang'onopang'ono, ine ndikuwagwirira chingwe. Khomo anaika okha, ndipo kunja kwake anakhazika mwala waukulu wafulati kuti matope asamalowe m'nyumba.

Kuchipatala anati ndi manjenje, ndipo alibe mankhwala ochiza. Anawapatsa timapilitsi timene tinkangowaumitsa kukamwa. Kunjenjemerako tinakuzolowera. Chimene sitinazolowere ndi nkhope yawo, imene inauma moti sunkadziwa ngati akondwa kapena akwiya, ndi mawu awo amene anatsika mpaka kumafuna kutchera khutu. Kenako kunabwera za pakhomo. Ankayenda bwinobwino kuchokera pabedi, timapazi tifupitifupi, koma akafika pakhomo mapazi ankamatirira pansi. Ankaima pamenepo, thupi litapendekera kutsogolo, maso ali panja, thukuta likutsika. Khomo lomwe anamanga okha linkawakaniza kutuluka.

Chimbudzi chinali kuseri kwa nyumba. Amayi okha ndi amene akanatha kuwakoka pakhomopo ndi kuwaperekeza, chifukwa bambo saperekezedwa kumeneko ndi mwana wake wamkazi. Choncho amayi analeka kugulitsa tomato kumsewu. Ankangokhala pafupi, kudikira. Ndinalemba m'kope kuti atate asiya kumwa tiyi wam'mawa kuti asavutitse munthu.

Lachinayi lililonse kunkabwera amayi a kumpingo, anayi kapena asanu, atavala mipango yoyera. Ankayendera odwala osachira ndi owasamalira. Ankabweretsa sopo ndi mkaka waufa, kuchapa mabulangete, ndipo wina ankauza amayi kuti, "Kagoneni inu, ife tilipo." Amayi ankakana kawiri, kachitatu n'kukagona pamphasa ngati mwana. Mtsogoleri wawo anali mayi wachikulire wonenepa, amene kale ankagwira ntchito m'chipatala cha mishoni. Ankayenda ndi ambulera yakuda, dzuwa kapena mvula, ndipo m'kope langa ndinkawatchula amayi a ambulera.

Tsiku lina anapeza atate ataima pakhomo. Sanawakoke. Anawayang'ana kwa nthawi, kenako anagoneka ambulera yawo pansi, chopingasa, patsogolo pa mapazi awo.

"Lumphani iyi, bambo."

Atate anatukula phazi n'kulumpha. Linzake linatsatira. Anapezeka ali pamwala uja, panja, okha.

Amayi a ambulera anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati anasamalirapo mzungu wina wokalamba wa nthenda yomweyo, amene pasimenti yosalala ankauma, koma pakhonde la matailosi ankayenda ngati msilikali. "Phazi limafuna kuuzidwa poponda," anatero. Anandituma kukatapa phulusa pambaula, ndipo anandionetsa kuthira mizere isanu yopingasa, kuyambira m'kati mwa nyumba, kudutsa pakhomo, mpaka kupitirira mwala.

Atate anayesa katatu, kutuluka ndi kulowa. Kachitatu anayankhula, ndipo tonse tinawerama kuti timve.

"Ndakalamba ndikusewera phada."

Nkhope sinasinthe, koma mapewa awo ankagwedezeka, ndipo sanali manjenje. Tsiku limenelo ndinadzaza masamba awiri.

Ntchito ya mizere inakhala yanga. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkasesa ya dzulo n'kuthira yatsopano. Atate ankakhala pabedi n'kumayang'ana ndi diso la mmisiri. "Wachitatuwo wakhota," ankanong'ona. Ndinkafafaniza n'kuyambiranso. Ukawongoka ankati, "Eya." Anayambanso kumwa tiyi. Amayi anabwerera kumsewu ndi dengu lawo la tomato. Masana ndikaweruka ndinkapeza atate atakhala pansi pa mpapaya, atadzitulutsa okha.

Koma phulusa lothiridwa pakhomo anthu amalidziwa mwa njira imodzi yokha. Anayamba kulambalala nyumba yathu. Wobwera kudzapala moto ankaimira patali n'kumaitana. Kenako kamwana ka oyandikana nafo kanatentha thupi, ndipo mayi ake anabwera ali chigwirire m'chiuno.

"Imwe bamai, ni vichani ivi mulemba pa komo? Mwana wanga analumpha vimizere vanu, manje sakudya."

Amayi anafotokoza modekha kuti ndi zothandiza atate kuyenda.

"Kuyenda? Phulusa iyendesa munthu? Ndiye mankhwala yamene nikamba!"

Kamwanako kanachira patatha masiku atatu, koma nkhani sinachire. Kuchitsime atsikana ankandisiyira malo aakulu. Wina ankalemba mzere pansi ndi chala chakuphazi n'kumati, "Iwe, bwela utilembeleko, tifuna kuuluka!" Onse n'kuphulika kuseka. Ndinkangoyang'ana m'ndowa, n'kukalira kuseri kwa nyumba. Amayi a ambulera atamva anati Lachinayi lotsatira adzayenda khomo ndi khomo ndi kufotokoza. Anatero Lachinayi. Zimene ndinachita ndinazichita Loweruka.

Panali mtsikana mmodzi m'kalasi mwathu amene ankakhala ku Matero ndipo sankadziwa za mizere. Ndi iye yekha amene ankagawana nane chinangwa chowotcha pa nthawi yopuma. Anati Loweruka adzadutsa kwathu pochokera kwa azakhali ake, adzandibwereke buku la masamu. M'mawa umenewo ndinathira mizere monga mwa masiku onse, atate n'kunena "Eya" wawo. Amayi ananyamula dengu n'kupita. Dzuwa litakwera atate anagona tulo. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali ndi tsache m'manja. Ndinadziuza kuti mnzanga akangochoka ndithiranso, atate asanadzuke.

Ndinasesa isanu yonse. Ndinawaza ndi madzi kuti pasaoneke kuyera.

Mnzanga anachedwa, choncho ndinapita kukamuchingamira panjira ya kuchigayo. Sikutali. Ndinaima pamenepo mwina theka la ola. Sanabwere n'komwe tsiku limenelo.

Pobwerera ndinaona anthu pakhomo pathu, anthu omwe aja ankalambalala. Atate anali chigonere pamwala, chammbali, mwendo umodzi utapindika moipa. Pachipumi panali magazi pang'ono. Sankalira. Maso awo anali potseguka, ndipo buluku lawo linali litanyowa. Mayi woyandikana nafe uja ndi amene anavula chitenje chake n'kuwafunditsa.

Anawanyamula pa chitseko chathu chomwe, atachizula, mpaka kumsewu. Kuchipatala anati fupa la m'chiuno lathyoka. Anakhalako milungu yambiri, ndipo atabwerako sanaimenso.

Madzulo a Loweruka lomwelo, tili m'mbali mwa bedi la kuchipatala, amayi anafunsa.

"Mizere ija inapita kuti? Iwe, sunathire lero?"

Atate anatembenuza maso okha, kundiyang'ana, kenako kuyang'ana amayi. Milomo yawo inagwedezeka. Amayi anawerama.

"Mphepo," anatero atate. "Anathira. Kunali mphepo."

Kunalibe mphepo. Unali mwezi wotentha, masamba a mpapaya ali zii. Amayi anayang'ana pansi, n'kukonza bulangete. Sanafunsenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Titafika kunyumba ndinatsegula kope n'kukopera bodza la atate, chifukwa choona sindikanatha kuchilemba.

Chimene sindidziwa mpaka lero ndi ichi: kodi anaima nthawi yaitali bwanji pakhomo paja? Anandiitana? Ndi mawu awo aja, ngakhale ndikanakhala kuseri kwa nyumba sindikanamva. Ndimawaona ataima, akuyang'ana pansi posesedwa bwino, ponyowa, pali timizere ta tsache langa. Munthu amene ankaona mzere wokhota ali pabedi sakanalephera kuona zimenezo.

Lachinayi amayi a kumpingo anabwera monga mwa nthawi zonse, ngakhale wodwala kunalibe. Anachapa chitenje cha mayi woyandikana nafe n'kukamubwezera. Amayi a ambulera anayendadi khomo ndi khomo monga analonjezera, ndipo anthu anamvetsera mwaulemu, chifukwa tsopano panalibenso choopa. Pochoka anandipeza ndikutsuka mbale. Anaima pambali panga, ambulera ili m'khwapa.

"Mwana wanga, ukudya?"

Ndinapukusa mutu.

"Uzidya. Amayi ako akufunika munthu wamphamvu."

Anandigwira paphewa nthawi yaitali kuposa mmene mawuwo ankafunira. Sindidziwa ngati ankadziwa.

Atate atabwera kunyumba, amayi aja anawonjezera tsiku, n'kumabwera Lolemba ndi Lachinayi. Anaphunzitsa amayi kuwatembenuza kuti asachite zilonda, ndipo amuna awo anabweretsa mpando wa ndalema kuti atate aziwanyamulira padzuwa. Amayi sanabwererenso kumsewu. Tiyi wam'mawa atate anamusiyanso.

M'mawa woyamba atate atabwerako ndinavala yunifolomu n'kutenga mabuku. Ndikudutsa pabedi anandikola ndi chala pamkono.

"Phulusa," anatero.

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Ndinayang'ana amayi, amayi n'kuyang'ana kumbali.

"Atate, koma..."

"Thira."

Ndinatapa phulusa pambaula. Ndinathira woyamba, wachiwiri, mpaka wachisanu kupitirira mwala uja, umene amayi anali ataukwecha koma banga silinachoke. Atate ankayang'ana ali chigonere.

"Wachitatuwo wakhota."

Ndinafafaniza n'kuthiranso.

"Eya."

Ndinathira m'mawa uliwonse kwa chaka ndi miyezi, mpaka tsiku limene anamwalira. Palibe phazi lawo limene linalumphapo. Nkhuku zinkapalasa, alendo ankaponda, mawa lake n'kuthiranso. Atate sanatchulepo za Loweruka lija. Nthawi zina ndimaganiza kuti inali njira yawo yondiuza kuti nkhani inatha. Nthawi zina ndimaganiza kuti ankafuna ndisaiwale. Pankhope pawo panalibe powerenga, ndipo ine ndinalibe mtima wofunsa.

Kuno kusukulu khomo la chipinda chathu chogona lili ndi sitepe ya simenti. Belu likalira atsikana amatuluka mothamanga, ndipo kawirikawiri amandigunda kumsana, chifukwa ndimapezeka nditaima pamenepo, ndikuyang'ana pansi. Amati ndimalota ndili maso. Sabata yatha ndinatulutsa kope lija n'kutsegula pa tsamba la mawu atatu, pensulo ili m'manja, kuti ndiwafafanize. Sindinathe. Mawuwo ndi a atate, ndipo ndi okhawo amene anandisiyira olembedwa. Choncho ndatenga mapepala ena, ndipo choona ndachilemba pano.