Kajenereta Kosafuna Mitala

A Zebedee anabadwira pa famu ya fodya, mwana wa mtchona wa ku Dedza. Famu itatha, mzungu anawasiyira kalavani yakale, nyumba yokoka ndi galimoto, m'malo mwa zikomo. Anaikokera ku lokeshoni ya Unit O n'kuiimika kuseri kwa nyumba ya mwana wawo Tanaka, poti zipinda zonse zinali ndi anthu a lendi. Ndimo ankakhala ndi akazi awo, Mayi Florida.

Kalavani mu Okutobala ndi uvuni, asakunamizeni munthu. Mtima wa Mayi Florida utayamba kuvuta, kukatentha ankapuma mobanika, milomo gwa. Magetsi akuno mukuwadziwa, amabwera akafuna okha. Ndiye a Zebedee anagula kajenereta pa msika wa Makoni n'kudzutsa eyakoni yoziziritsa mpweya ya padenga la kalavaniyo imene inagona zaka.

Kajeneretako sikankafuna mitala. Eyakoni yokha kankaikoka mobuula, koma ungolumikizako china, kaya ayironi, kankatsokomola n'kuzima. A Zebedee anasanduka mlonda wa waya. Ngakhale mdzukulu wofuna kutchaja foni ankabwezedwa, iye n'kumachoka akung'ung'udza m'Chishona. Anthu ankati mkuluyu wauma mtima. Ayi ndithu, anali mantha. Ankadziwa kuti mpweya wozizirawo ndiwo ukusunga mkazi wawo.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, kunabwera amayi a Mvano kudzazonda matenda. Anapanikizana m'kalavanimo, kuimba, kupemphera. Atayamba kumanga zitenje kuti azipita, Mayi Florida anadzutsa mutu.

"Bambo a Tanaka, ikani ketulo."

Magetsi kunalibe, gasi anali atatha. A Zebedee anaima pakhomo, waya ali m'manja.

"Mukudziwa kuti ketulo ndi eyakoni siziyendera limodzi."

"Ndikudziwa. Zimitsani."

Alendowo anakana, amvekere tamwa kale, musavutike. Koma odwalawo anayang'ana amuna awo okha.

"Chikwatiwireni, ndani anatuluka pakhomo panga kukhosi kuli gwa? Ngakhale ku famu, tilibe shuga, ndinkapereka. Mukufuna adzandikumbuke kuti ndinafa ndili womana?"

Mawuwo anawalasa a Zebedee. Anaona kuti miyezi yonseyi ankasunga mpweya wa mkazi wawo, koma mwini wakeyo ankatha ndi manyazi. Anazimitsa eyakoni ndi dzanja lawo, nalumikiza ketulo. Kutentha kunalowa nthawi yomweyo. Thukuta lili kamukamu, Mayi Florida anakhala tsonga, nathira tiyi okha, kapu ndi kapu. Anaseka, anafunsa za ana a aliyense, mpaka kudzudzula wina kuti wachepetsa shuga.

Sabata isanathe, anatisiya.

A Zebedee sanayatsenso eyakoni ija. Anthu akawafunsa ngati amadandaula za tsiku lija, amati: "Ndimadandaula kuti sindinazimitse kale."