Achemwali ndi Nyenyezi Zothinana

Ndinali ndi zaka khumi pamene achemwali anga a Tiyamike anabwera ku holide kuchokera ku yunivesite ya ku Joni, kumene ankafufuza zimene zili m'kati mwa nyenyezi. Anatipeza ku Lirangwe tikuthira chimanga m'matumba, mankhwala a anankafumbwe akutiyetsemulitsa.

Tsiku lomwelo kunafika amalume, amene ankagwira ntchito pabwalo la ndege ku Chileka. Anali atawapezera achemwali malo mu ofesi, ndiye ankafuna kuti sukulu ithere pomwepo.

"Iwe Tiya, zaka zonsezi, yankho walipeza?"

"Ayi, amalume."

"Ndiye kumeneko umangotha buledi?"

Achemwali sanakwiye. Anandiuza kuti nditsendere thumba, ine n'kumalidzutsa ndi kuligwetsa mpaka chimanga chinatsika.

"Titapanikizabe, chimangachi chiphwanyika, utsala ufa," anatero. "Nyenyezi zina zikafa zimapanikizika chonchi, mwina mpaka tizidutswa ta m'kati mwake timaphwanyika, n'kutsala tina tochepetsetsa totchedwa makwaki. Kumeneko munthu sangafikeko. Timangowerengera."

"Nanga makompyuta mumanyadira aja?"

"Zinthu zikakhala zotayana, kompyuta imatha kuwerengera. Zikathinana imasokonezeka. Masamu a papepala nawo amagwira pokhapokha zitathinana mopitirira muyeso. Pakatipo, pomwe pali nyenyezizo, tonse tikupapasa."

Amalume anaseka. "Ndiye ukalambe ukupapasa? Anzako ali pa salale!"

Ndinaona achemwali akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Amayi anali akusoka thumba, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Achimwene, mwanayu akanakuuzani kuti walipeza, inu ndi ine tikanatsutsa bwanji? Wasankha kunena zoona. Abwerere."

Amalume anakwera njinga osatsanzika, ndipo anatenga nthawi asanapondenso pakhomo pathu. Achemwali anabwerera.

Ine sukulu ndinalekeza sitandade 8, za makwaki ndimangodziwa dzina. Achemwali akuti mpaka pano pakati paja sipanadziwike bwino. Koma lero ndili ndi mwana wanga Dalitso, wazaka zitatu, amene sanayambe kulankhula. Kuchipatala anandiuza mosabisa kuti chifukwa chake sakuchidziwa, kenako anandionetsa zoti ndizichita naye kunyumba. Apongozi akulimbikira kuti tipite naye kwa bambo wina wa cha ku Chigaru, amene akuti amayankha chilichonse pompopompo. Ndinakana mwaulemu. Amene ndimamukhulupirira ine ndi uja wonena kuti sakudziwa, koma kukacha n'kuyesanso.

Choncho m'mawa uliwonse ndimamukhazika Dalitso pamiyendo, n'kumamutchulira mayina a zinthu, chimodzichimodzi.