Mtsinje unasamuka osatsanzika

Moni nonse. Amalume, ntchito munandituma ija ndaigwira, poti wophunzira wa banja lino ndine, amene koleji ndinangoinunkhiza.

Munati ndipeze mapu a boma osonyeza kuti dimba lija ndi lathu, a Banda asatilande pa mlandu wa Loweruka. Break yanga yonse pageti kuno ku Duhail, ku Qatar, yathera pa webusaiti. Kurejisita, pasiwedi, pasiwedi inanso. Fayilo yakana kutseguka pafoni mpaka ndabwereka laputopu ya mnzanga wa ku Nepal, uku supavaiza akungondifulumizitsa kuti yalla, yalla.

Mapu atseguka. Ndi akale, koma akuoneka bwino mochititsa manyazi. Mtsinje umene timalumbira kuti ndiwo malire unkadutsa m'munsi mwa tchalitchi, dimba lonse lili tsidya la a Banda. Unachita kusamuka. Kabichi takhala tikudya uja ndi wa eni ake.

Ndatembenuza laputopu chadodolido. Sizinasinthe.

Ndiye abale, nditumize, kapena tinene kuti ku Qatar kulibe netiweki?

Ndimati ndifufute uthengawu, koma alamu athu a Nabanda, mwana wa a Banda omwewo, awerenga kale. Ndani anawaika pagulu pano?

Alamu, mwaswera bwanji?