Makatoni a Esinati

Ndinadzuka tambala asanalire, msana uli gwa chifukwa chogona pa benchi. Amuna tinachezera panja pansi pa tenti, amayi ali m'nyumba ndi thupi, akuimba mpaka mawu kusasa. Mvula inavumba usiku wonse. Amene tinkaika tsiku limenelo anali Esinati, mwana wa mlongo wanga, mphunzitsi wa pa sekondale ina ku Lirangwe. Thupi lake linabwera dzulo lake pa lole, pamodzi ndi katundu wake yense, kudzagona kwa amake kuno ku Chileka. Ine ndiye mwinimbumba. Zonse pa maliro amenewa zinkadikira pakamwa panga, ndipo pakamwa pangapa anthu a kuno amapadziwa. Ndikakalipira mbuzi, a ku Madziabango amatembenuka.

Kuseri kwa nyumba ndinapeza amayi atazungulira mafuwa, akupemerera utsi wokhawokha. Nkhuni zonse zinali zitanyowa. Nyemba zinali zisanapite pamoto, pomwe adzukulu okumba manda anali atatumiza kale munthu kudzafunsa tiyi. Ndinakalipa, kenako ndinalowa m'chipinda momwe tinaunjika katundu wa malemu. Pakona panali mtolo wa makatoni odulidwa bwinobwino, omangidwa ndi chingwe. Pa katoni iliyonse panali timabokosi tojambulidwa, m'kati mwake muli zilembo. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 2, koma A, B, C ndimamudziwa. Apa zilembo zinali zosokonekera, Q kutsogolo, A pansi pake. Ndinati izi ndi zoseweretsa ana. Ndinanyamula mtolo wonse n'kukauponya pa mafuwa.

Mayi wina anati, "Agogo, izi si za malemu?" Ndinamuyankha kuti malemu safuna makatoni, koma amoyo akufuna nyemba. Moto unayaka bwino kwabasi, ndipo ndinanyadira.

Pakhomo la khitchini panaima Tadala, mwana yekhayo wa Esinati, mtsikana wa Fomu 2. Anayang'ana motowo osaphethira, misozi ikutsika. Ndinaganiza kuti akulirira amake basi. Za iyeyu ndinali nditagamula kale. Mwana wanga wamwamuna wa ku Ndirande ankafuna wolera ana, ndiye ndinamuuza kuti adzamutenge Loweruka. Sukulu yatha ndi amake, ndinatero, ndipo palibe anatsutsa.

Kutacha anthu anayamba kufika, ena pa minibasi, ena pa kabaza, matope mpaka m'mawondo. Dzuwa litakwera pang'ono panafika lole ya ku Lirangwe yodzaza atsikana a yunifolomu. Anatsika nsapato zili m'manja. Aliyense anakumbatira pachifuwa chinthu chokutidwa ndi jumbo. Ndinayesa maluwa.

Mwambo unayambira pabwalo. Atatha a mpingo, anaimirira mphunzitsi wamkulu wa sukulu ija, mayi wamfupi wa mawu aang'ono. Anthu anachita kuweramira kutsogolo kuti amve. Anati pa sukulu pawo makompyuta ogwira ntchito ndi awiri okha. Magetsi akayaka, anyamata ndi amene ankathamanga kukalanda mipando. Atsikana ankangoima kumbuyo, kenako n'kulisiya phunzirolo. Esinati ataona zimenezo anayamba kuyenda m'magolosale a ku Lirangwe mpaka ku Mdeka, kupempha makatoni otha ntchito. Ankawadula n'kujambulapo kiyibodi, paja pamadinidwa ndi zala pa kompyuta. Mtsikana aliyense ankapita nayo yake kunyumba, akatha kutunga madzi azizolowetsa zala. Tsiku lokhala pa makina enieni, zala zinkakhala zikudziwa kale njira, ndipo anyamata anayamba kuwapatsa malo okha.

Kenako mayi uja ananena kuti ngakhale pa bedi la kuchipatala, Esinati ankajambulabe mtolo wa atsikana atsopano a Fomu 1. Anapempha achibale kuti mwambo ukatha tiwapatse mtolowo apite nawo.

Amayi a kumafuwa aja anatembenuka onse kundiyang'ana. Nthawi yomweyo ndege inadutsa pamwamba, ikupita kukatera. Zaka zonsezi ndakhala ndikupikisana nazo ndege zimenezi, koma tsiku limenelo ndinalakalaka phokoso lake lisathe.

Pabwalo lomweli, pansi pa mtengo wa mango womwewu, ndi pamene Esinati anandigwadira atamaliza Fomu 4. Anali ndi pepala la sukulu ya makompyuta ya m'tauni. Ndinakuwa mudzi wonse ukumva kuti makina ndi a amuna, iye akaphunzitse ana nyimbo kapena akwatiwe. Ku sukulu imeneyo ndinatumizako mwana wanga, wa ku Ndirande uja. Sanathe ndi miyezi itatu yomwe. Esinati anadzakhudza kompyuta koyamba ali kale ndi mwana kumsana. Sanandikumbutsepo nkhaniyi ngakhale tsiku limodzi. Mwezi ukatha ankabwera ndi shuga, n'kugwada, n'kunena kuti ankolo mwadzuka bwanji.

Inafika nthawi yoti mwinimbumba alankhule. Usiku wonse pa benchi paja ndinali nditakonza mawu: kuti mwanayu ndinamulera ndine, ndinamuphunzitsa ndine, nzeru anatengera kwathu. Ndinaimirira chipewa chili m'manja. Mawu onse aja anathawa.

Ndinati, "Makatoni aja ndawotcha ine m'mawa uno. Nyemba mukadyezo zapsa ndi ntchito ya mwanayu."

Akumbuyo anayamba kufunsana kuti mkuluyu wati chiyani. Chibadwire changa, aka kanali koyamba munthu kufunsa kuti ndati chiyani. Ndinakhala pansi.

Tinanyamuka ulendo wa kumanda kudutsa m'kanjira ka m'chimanga. Onyamula bokosi ankaterereka, ena n'kulandira. Atsikana aja anayenda pambuyo pa bokosi, akuimba motsitsa. Majumbo anali atavundukula, ndipo ndinawaona bwino makatoni awo: akuda ndi thukuta la zala, zilembo zina zitafufutika, m'mbali momata ndi selotepi. Adzukulu akukwirira, mvula inayambanso. Anthu anafunda zitenje, ena anathyola masamba a nthochi. Atsikana aja anabisa makatoni m'majuzi, mitu yawo n'kuisiya pamvula. Ine ndinaima pomwepo ndi ambulera yanga yaikulu, osadziwa koloza maso.

Titabwerako anthu anasamba m'manja n'kudya. Mbale yanga ndinaibweza. Mphunzitsi wamkulu uja anabwera kudzatsanzika, ulemu wonse, za makatoni osatchulanso. Bola akanangonditukwana. Ndinamufunsa ngati kunyumba kwake kungapezeke pogona mtsikana mmodzi. Anati mphasa ilipo.

Madzulo mwana wanga anadzanditsanzika, makiyi a galimoto akulira m'manja. Anati Loweruka afika m'mamawa, mtsikanayo akhale atalongeza. Ndinamuuza kuti akafune wolera ana kwina, Tadala Lolemba akubwerera ku Lirangwe.

"Koma bambo, munanena nokha."

"Ndinanena. Ndanenanso."

Apa mawu anga anabwerera, moti agalu a kwa aneba anauwa. Mwana wanga uja analowa m'galimoto n'kupita.

Dzuwa likulowa pakhomo panali zii. Tenti anali atapasula, mabenchi atabweza ku tchalitchi. Mlongo wanga anagona m'chipinda, nkhope italoza kukhoma. Pakhonde panatsala makatoni opanda kanthu, momwe munabwerera sopo ndi shuga wa pa maliro. Ndinatenga mpeni wanga, ndinakhala pansi n'kuyamba kudula. Manja awa anazolowera khasu, katoni inkangothawa. Tadala anatuluka n'kuima pambali panga nthawi yaitali.

"Agogo, mwadula mokhota."

Amenewa ndiwo mawu oyamba amene anandilankhula tsiku lonse. Analowa m'nyumba, anabwera ndi rula ndi cholembera chakuda cha amake. Iye ankalemba mizere, ine ndinkadula motsatira. Q anamuika kutsogolo, A pansi pake, ndipo sindinatsutse. Titamaliza yoyamba ndinamufunsa kuti atsala angati kuti akwane mtolo uja. Anayang'ana phulusa la pa mafuwa, kenako anandipatsira katoni ina.